Manja Oletsedwa Kugwira Chilonda

"Simunandifunse dzina," anatero amuna a Asisitala, ali chigonere pa sofa, mwendo umodzi atausanjika pa pilo. "Mwangofika n'kundigwira ngati nkhuku ya pamsika."

"Dzina lanu ndikulidziwa, bambo. Ndakalamba nalo."

"Chidole cha pa mayeso chija simunakalambe nacho. Kayambireninso pakhomo."

Asisitala anatsonya, koma anabwerera. Anagogoda pachitseko cha kukhitchini, n'kulowa pabalaza pawo pomwe ngati akulowa mu wodi ya eni. Anapereka moni m'chilankhulo cha dziko lachilendo limene ankakhalamo, anatchula dzina lawo, anafunsa la wodwala, anapempha chilolezo chogwira mwendo, n'kusamba m'manja ndi madzi osaoneka. Koma atangogwira bandeji, pakamwa panatsekeka pokha. Manja anayamba kuthamanga, ndipo bamboyo asanaphethire mwendo unali utamangidwa bwino lomwe.

"Mwaiwalanso," anatero amuna awo akuyang'ana pa pepala limene ankawerengapo. "Simunafunse ngati thupi langa limadana ndi mankhwala ena."

"Thupi lanu limadana ndi kutsuka mbale basi."

"Mukakamuyankha choncho woyesa uja, mukabwera nayo satifiketi ya nthabwala."

Asisitala anamasula bandeji ija mwamphamvu, bamboyo n'kukuwa pang'ono. Mtima sunali m'malo. Sunakhalepo m'malo chiyambire mwezi umenewo.

Kwawo mayiwa anali namwino wamkulu wa wodi ya amuna, wodi yodzaza mpaka odwala ena kugona pansi pa mabedi a anzawo. Dzina loti Asisitala linawamatirira kumeneko, linakwera nawo ndege, ndipo ngakhale amuna awo akafuna kuwapempha kanthu ankawaitana ndi lomwelo. Koma bungwe lolembetsa anamwino m'dziko lachilendoli silinkaidziwa wodi ija. Linatenga dipuloma yawo yachikale, linaiyeza ndi digiri ya ana a masiku ano, n'kunena kuti yaperewera. Sukulu imene anaphunzirako inatsekedwa kalekale, moti panalibenso woti atumize umboni wa maphunziro umene unkafunidwa. Zaka zonse zoimirira mu wodi mpaka mitsempha ya m'miyendo kutupa, bungwelo linati n'zabwino ndithu, koma si zimene ilo limayeza. Linawasiyira khomo limodzi lokha: akhoze mayeso a manja pa chidole cha pulasitiki, woyesa ali poteropo ndi cholembera, ndiponso abwana a kuntchito alembe kalata yoti munthuyu khalidwe lake ndi loyera.

Mayesowo anali atawagwetsa kale. Woyesa analemba kuti manja ndi aluso, koma mayiyu salankhula ndi wodwala, safunsa, sayang'ana kaye zolembedwa. Asisitala atamva zimenezo anaseka kuseka kowawa. Munthu wa imvi kumachonderera chidole kuti chimulole kugwira mwendo wake, kumachifunsa ngati chinayamba chatulukapo zidzolo, chidole chopanda ngakhale thukuta. Koma kuseka sikunachotse kanthu. Mwayi umene unatsala unali womaliza, ndipo tsiku lake linali sabata yotsatira.

Podikira zonsezi ankagwira ntchito panyumba yosamaliramo okalamba, ngati wothandizira. Ankasambitsa, kudyetsa, kutembenuza ogona, kusintha zofunda ndi kutaya zam'mapoto. Othandizira ankavala yunifomu yobiriwira, anamwino yabuluu, ndipo pakati pa mitundu iwiriyo panali mpanda wosaoneka. Wobiriwira sagwira mankhwala, sagwira jakisoni, sagwira chilonda. Akaona chovuta amaliza belu n'kudikira wabuluu.

Wabuluu wa pansanjika yawo anali Njenje. Mtsikanayu anadutsa m'manja mwa Asisitala kwawo ali mwana wa sukulu ya unamwino, ndipo dzinali analipata tsiku limene ananjenjemera mpaka kugwetsa jakisoni pamaso pa wodwala. Asisitala ndi amene anamugwira dzanja tsiku lija n'kumubayitsa. Kenako Njenje anapitiriza sukulu, anapeza digiri, anabwera kuno, ndipo bungwe lija linamulandira popanda kumuzunguza. Tsopano ndiye ankagawa ntchito. Pamaso pa anthu ankawalamula m'chilankhulo cha kumeneko, maso ali pansi. Akakhala awiri ankabwerera ku chilankhulo cha kwawo n'kumawatchula Asisitala, ngati akupepesa. Mayiwa sankadana naye mwanayo, koma yunifomu yake yabuluu inkawawawa m'maso, ndipo ankadzida okha chifukwa cha nsanje imeneyo.

Tsiku lotsatira kuntchito kunacha moipa. Othandizira ena sanabwere, ndipo chakumasana mayi wina wokalamba anagwa m'bafa pansanjika yapansi. Njenje anathamangira komweko, n'kukakamirako kudikira ambulasi. Pamwamba panatsala Asisitala ndi khonde lalitali la zitseko.

M'chipinda chakumapeto munkakhala mkulu wina amene antchito ankamutchula Awotchi, chifukwa pa unyamata wake ankakonza mawotchi ndipo mpaka pano aliyense wolowa ankamufunsa nthawi. Anali ndi chilonda pakatumba chimene chinkachira mwaulesi. Asisitala atalowa kuti amusinthe malaya, fungo linawalandira pakhomo. Bandeji inali itanyowa yonse, madzi a chilondacho atadontha mpaka pa sokosi ndi pansalu ya bedi.

"Nthawi ili bwanji?" anafunsa Awotchi.

Asisitala anamuuza.

"Mwana wanga akubwera ikangotha nkhomaliro. Abwera ndi mdzukulu wanga." Mkuluyo anayang'ana mwendo wake, kenako khoma. "Kamwanako sikadzafunanso kulowa muno kakamva fungo ili."

"Ndiitana namwino."

Analiza belu. Anasintha nsalu ya bedi, anatsegula zenera, analizanso belu. Anatuluka pakhonde, anasuzumira pa masitepe, anamva mawu a Njenje pansipo akutonthoza mayi wogwa uja. Anabwerera, anapinda matawulo opindidwa kale. Anaimba foni ya pakhoma, wina n'kuyankha kuti namwino sangachoke pomwe ali, dikirani. Anadikira. Manja ankayabwa. Anawalowetsa m'matumba, anawatulutsa, anawapinda pachifuwa.

"Inu mumadziwa," anatero Awotchi chapansipansi. "Ndimaona mmene mumayang'anira akamamanga. Mumayang'ana ngati ine ndikaona munthu akutsegula wotchi ndi mpeni wa patebulo."

"Sindiloledwa, bambo."

"Sindinafunse ngati mumaloledwa."

Kachipinda kosungiramo zipangizo kanali kosakhoma, chifukwa Njenje anatuluka mothamanga. Asisitala anaima pakhomo pake kanthawi. Mashelefu anali odzaza mpaka kudenga: thonje, magolovesi, madzi otsukira zilonda, mabandeji a mitundumitundu, zinthu zimene kwawo ankazilota. Kwawo pulasitala anali mmodzi, wofiirira, womata kwambiri, ndipo akapezeka ankathokoza Mulungu. Anamuona pashelefu yapansi, yemweyo, ngati mnansi wokumana naye kuchilendo. Anamutenga.

Zimene zinachitika m'chipinda chakumapeto zinali ntchito yokongola, tisaname. Anachotsa bandeji yakale osamupweteka mkuluyo ngakhale pang'ono. Anatsuka chilonda kuchokera pakati kupita kunja, anaumitsa m'mbali, anaphimba, n'kumata pulasitala mowongoka ngati wayezedwa ndi lula. Sanalankhule kanthu, ndipo palibe anawawerengera zolakwa. Kwa nthawi yoyamba chifikireni m'dziko lino anamva msana wawo ukuwongoka. Anasangalala, chisangalalo chenicheni, mpaka anadzipeza akung'ung'udza nyimbo potaya zonyansa zija.

"Mwachita msanga kuposa onse," anatero Awotchi. "Nthawi ili bwanji?"

Mdzukulu anabwera, anakhala pabedi la agogo ake, anaseweretsa mawotchi akale a m'kabati. Asisitala anaweruka Njenje akadali kulemba za mayi wogwa uja. Anati amuuza mawa.

Mawa lakelo sanapeze mpata womuuza, chifukwa Njenje ndi amene anawapeza. Anawakoka dzanja pakhonde mpaka m'chipinda chakumapeto. Awotchi anali atagona chagada, nsagwada zitalimba. Pulasitala anali atachotsedwa. Paliponse pamene anamata, khungu linali litafiira psuu, matuza atandandalika m'mizere yowongoka, ena ataphulika kale. Chilonda chimodzi chinali chitabala ana kuzungulira mwendo wonse.

Asisitala anagwira chitsulo cha bedi.

Njenje anamaliza kupaka mankhwala amene adokotala analamula pafoni, anamufunditsa mkuluyo, n'kuwatsogolera Asisitala m'kachipinda kosungiramo zofunda. Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Ndi inu, eti?"

"Ndine."

"Ndinadziwa ndisanafunse. Palibe wina muno amene amapinda ngodya za pulasitala choncho. Munandiphunzitsa ndinu." Njenje anapukuta nkhope ndi dzanja. "Asisitala, zalembedwa pachikuto penipeni pa fayilo yawo, ndi zilembo zofiira. Khungu lawo limadana ndi pulasitala ameneyu. Awo timawamanga ndi wa pepala uja, woyera."

"Fayilo ili mu ofesi yanu. Ife obiriwira sitilowamo."

"Akanakuuzani okha mukanawafunsa."

Asisitala akanatha kunena kuti belu analiza, kuti foni anaimba, kuti mkuluyo anachita kuwachonderera, ndipo zonsezo zinali zoona. Koma funso lija sanafunse. Kwawo sankafunsa chifukwa kunalibe pulasitala wachiwiri woti asankhe, ndiponso odwala a mu wodi yawo ankawadziwa mpaka azakhali awo. Chizolowezi chimene chinawasunga zaka zonse zija ndi chomwe chinatentha mwendo wa munthu.

"Safunsa anadya phula," anatero Asisitala. "Ndinkakuuzani ndine mwambi umenewu."

"Musadzikhome, Asisitala. Tiyeni tione pothawira." Njenje anatsitsa mawu. "Lipoti liyenera kulembedwa, adokotala akudziwa kale, mwana wawonso auzidwa. Likalembedwa dzina lanu, abwana sangalembe kalata ija yoyera. Wothandizira wogwira chilonda, bungwe silimva zimenezo. Mayeso anu athera pomwepo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ndilemba kuti ndinamanga ndine. Ndinali ndi zambiri dzulo, ndinathamanga, ndinatenga pulasitala wolakwika. Andidzudzula, anditumiza ku kamaphunziro ka tsiku limodzi, basi yatha."

"Iwe unali pansi ndi mayi wogwa uja. Aliyense anakuona."

"Ndinakwera kangapo kudzatenga zinthu. Ndani ankandiwerengera mapazi?"

"Nanga Awotchi?"

"Ndalankhula nawo. Akuti maso awo saona bwino mitundu ya mayunifomu." Njenje anayesa kumwetulira. "Akudziimba mlandu okha. Akuti anakukakamizani."

"Mwanawe, ukudziwa chimene amachita namwino wogwidwa akunama mu lipoti? Sikudzudzula. Amamufufuta m'kaundula."

"Akandigwira. Asisitala, ine ndikanasiya sukulu chaka choyamba chomwe. Ndinali nditalongedza kale chikwama. Munandipeza pamasitepe n'kundiuza kuti manja onjenjemera amasiya, koma mtima wouma susiya. Lero ndikhale pano ndi yabuluu, inu muzitaya mapoto mpaka liti? Ndilemba mawa m'mawa ndikangofika. Inu ingokhalani chete. Kukhala chete kokha, si ndiye luso lanu?"

Belu linalira kwinakwake pakhonde, ndipo Njenje anatuluka asanayankhidwe.

Tsiku lonselo Asisitala anagwira ntchito ngati munthu wothamangitsidwa. Anasambitsa amene anali woti asambe mawa. Anapukuta matebulo opukutidwa kale. Pakhomo la Awotchi ankadutsa mofulumira, maso kutsogolo, koma makutu ankatsalira pomwepo. Manyazi ankawadya, ndipo pansi pa manyaziwo panali kanthu kena koipa kwambiri: ankafuna kuvomera. Ankaifuna yabuluu ija ndi mtima wonse.

Atafika kunyumba anapeza amuna awo atangobwera kumene koyendetsa galimoto yogawa katundu, nsapato zili pakhomo, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anawafotokozera zonse ataimirira, chikwama chikadali paphewa.

Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapumira m'mwamba. "Ndiye vuto lili pati? Mwanayo wadzipereka yekha."

"Vuto ndi lakuti ndi bodza."

"Bodza lopulumutsa munthu. Mkuluyo achira, si choncho? Matuza amaphwa."

"Aphwa."

"Ndiye mukufuna kudziwotcha chifukwa cha matuza oti aphwa?" Anatulutsa phazi limodzi m'madzi n'kuliyang'ana. "Mayi, ine kwathu ndinali ndi ofesi yanga, anthu ankagogoda asanalowe. Kuno ndimakwera masitepe ndi makatoni a anthu osandiyang'ana n'kumaso komwe. Sindinadandaule. Ndinati walira mvula walira matope, mkazi wanga akangolembetsedwa tipuma. Tsopano khomo latsala limodzi, mwana akukugwirirani kuti lisatsekeke, inu mukuti ayi, ndilitseka ndekha."

"Akuligwira ndi chala chake. Likatsekeka lidula chala cha iyeyo."

"Wakula, akudziwa chimene akuchita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Za mawa zisiyeni."

Asisitala anapita kukhitchini, anatsegula mpopi, anautseka. Anabwerera.

"Mukudziwa chimene ndinkathamangitsira ana a sukulu mu wodi yanga? Sikunali kuchedwa. Sikunali kugwetsa zinthu. Kunali kulemba zimene sanachite. Mwana akalemba kuti wamuyeza wodwala kutentha thupi asanamuyeze, ndinkamutulutsa tsiku lomwelo, alire asalire. Njenje anaziona zimenezo ndi maso ake."

"Kumeneko kunali kwanu. Kuno n'kwa eni."

"Ndiye ndikalowe m'kaundula wa eni nditakwera pamsana pa mwana?"

"Ena analowa atakwera pa zoipa kuposa pamenepo." Bamboyo anapukuta mapazi pang'onopang'ono. Mkwiyo unali utatha, kunatsala kutopa. "Ine sindikukakamizani. Koma musandiuze kuti ndi chilungamo chokha. Mulinso kunyada m'menemo. Simukufuna kuti Njenje akhale amene anakupulumutsani."

Mawu amenewo analasa, chifukwa sanali abodza onse. Asisitala anatenga bandeji ya mayeso ija pampando, anaikulunga, anaimasula, anaikulunganso. Chakudya chinapsa, anadya, wailesi ikudzilankhulira yokha.

M'mawa anakwera basi yoyambirira. Mumsewu ankasinthasintha maganizo pa siteji iliyonse. Basi ikaima ankati akhala chete, ikanyamuka ankati anena. Anaganiza za chidole chija, mmene akanachilonjerera mwaulemu sabata yamawa, kuchifunsa zonse, osaiwala kanthu, pakuti tsopano funso lija silikanawachokanso pakamwa mpaka kufa. Akanakhoza. Ankadziwa kuti ulendo uno akanakhoza, ndipo chimenecho ndi chimene chinkawawa koposa.

Atakwera pansanjika yawo anaona Njenje kudzera pagalasi la ofesi ya anamwino, atakhala pa kompyuta, jekete asanavule. Mtsikanayo ankalemba, kufufuta, kulembanso. Kenako anachotsa manja pa makiyi n'kuwapanikiza pakati pa mawondo. Ankanjenjemera.

Asisitala sanagogode pamenepo. Anatsikanso mpaka kumapeto kwa khonde lapansi, ku ofesi ya abwana.

Abwanawo anali mayi woonda wa magalasi, wosakonda kukweza mawu, amene nthawi zonse ankaoneka ngati sanagone. Anamvetsera osawadula. Asisitala ananena zonse mwadongosolo, mmene ankaperekera lipoti kwa adokotala kwawo: chimene anapeza, chimene anachita, chimene sanachite. Za pempho la Njenje sanatchule.

"Bwanji simunadikire?" anafunsa abwana.

"Ndinadikira."

"Simunadikire mpaka namwino atabwera."

"Ayi."

Abwana anavula magalasi n'kutikita maso. "Adokotala akuti chilondacho chinatsukidwa bwino. Sindikukayika kuti ntchito mumaidziwa, ndakhala ndikukuonani. Koma si zimene andifunsa. Andifunsa ngati munayamba mwachitapo zimene simuloledwa, ndipo ine sindinama pa kalata."

"Sindinabwere kudzapempha kuti muname."

"Ntchito sindikuchotsani. Mulandira chenjezo lolembedwa. Koma bungwe ndiyenera kulidziwitsa lero, ndipo mayeso anu aimitsidwa mpaka akambirane. Akhoza kukupatsani tsiku lina. Akhozanso osakupatsani. Mukumvetsa?"

"Ndikumvetsa."

"Mukanakhala chete mwina sindikanadziwa," anatero abwana, akuwayang'ana ngati akufuna kuwonjezera kanthu. Anatenga foni n'kuitana Njenje kuti abwere ndi lipoti lisanatumizidwe.

Anakumana pamasitepe, wina akutsika wina akukwera. Njenje anaona nkhope yawo n'kudziwa.

"Mwanena."

"Ndanena. Ukalembe zimene zinachitika."

"Mwandinyoza, Asisitala." Misozi inalengeza m'maso mwake, ya mkwiyo. "Kamodzi kokha ndimati ndikuchitireni kanthu. Kamodzi kokha."

"Wandichitira. Pita, akukudikira. Ndipo upukute m'maso, namwino salowa mu ofesi akulira."

Njenje anatsika osacheuka. Asisitala anakwera. Sanamve kupepuka kumene anthu amati kumabwera munthu akanena zoona. Anamva chisoni basi, chisoni cha munthu amene wayenda ulendo wautali n'kupeza mlatho utakokoloka. Anaganiza zoimbira amuna awo, koma anaibweza foni m'thumba. Nkhani ngati imeneyi siuzidwa munthu ali pa chiwongolero.

Ntchito inali ikudikira. Anayamba chipinda choyamba, anatsegula makatani, anasambitsa, anadyetsa, anatembenuza. Chakumasana anafika chakumapeto. Anaima pakhomo, anapuma, n'kugogoda.

Awotchi anali atakhala pampando, mwendo uli pa kampando kena. Pambali pake panali mwana wake wamkazi, mayi wa jekete la ku ofesi, amene anathawa kuntchito atamva za matuza aja. Mkuluyo atawaona Asisitala sanafunse nthawi. Anangoyang'ana pansi.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa," anatero Asisitala. "Ndinayenera kukufunsani za pulasitala. Ndawauza abwana kuti ndinali ine."

"Simukanatero," anatero Awotchi. "Ine ndinali nditaiwala kale."

"Ine sindikanaiwala."

Mwana wake anawayang'ana onse awiri, nkhope itamangika. Abwana anali atamuimbira kale. Asisitala anayamba kuyala bedi. Anakoka nsalu, anapinda ngodya, anaimenya ndi chikhatho mpaka inasalala. Ali mkati anaona kuti bandeji yatsopano ya Awotchi yayamba kunyowa m'munsi, pomwe tuza lina linaphulikira. Mayi uja anaonanso.

"Taonani, yayambanso kudontha," anatero. Anayang'ana manja a Asisitala, anayang'ana imvi zawo, ngati munthu amene sakudziwa kuti akwiye kapena apemphe. "Andiuza kuti kwanu munkayang'anira wodi yonse. Ndiye inu ndinu namwino kapena ayi?"

Asisitala anayang'ana bandejiyo. Ankadziwa chimene inkafuna, ndi poyambira, ndi pothera.

"Ayi, mayi," anatero. "Dikirani pang'ono, ndikakuitanireni namwino."

Anaika pilo pamalo pake, anatuluka, n'kuyamba kuyenda pakhonde kufunafuna Njenje.